Zipeso ziwiri, magulu atatu: yankho kwa aNaphiri a ku Mufakose

Funso la aNaphiri, a ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndi ili: "Mwana wanga amene ali ku Leeds ku England adanditumizira chowombera nsalu cha Ashford cha masentimita 60, chija amati rigid heddle, pamodzi ndi zipeso ziwiri zolembedwa 10 dpi. Nsalu wamba ndikuwomba bwinobwino. Ndidamva kuti ndi zipeso ziwiri munthu angathe kuwomba twill, nsalu ya mizere yopendekeka ngati ya jinzi. Ndalowetsa ulusi wa madoilo m'zipeso zonse ziwiri, zingwe zinayi pa mng'alu ndi bowo lililonse, koma chikutuluka ndi nsalu wamba yothinana. Ndikakweza chipeso chimodzichimodzi ulusi ukungodumphadumpha, mzere osaoneka. Ndigule chipeso chachitatu, kapena chowomberachi sichingathe?"

Zikomo aNaphiri. Chowombera chanu chilibe mlandu, ndipo ndalama ya chipeso chachitatu bakhalani nayo kaye. Kalowetsedwe kamene mwatsatira ndi kolondola, koma ndi ka ntchito ina. Ndi kochulukitsa zingwe kuti munthu awombe nsalu wamba ndi ulusi wowonda, ndipo n'zimene kakuchitirani. Twill sabadwa pamene mukuponya shuttle, chida chonyamula ulusi wopingasa, amabadwa pamene mukulowetsa ulusi m'zipeso. Mukaphonya pamenepo, kaya mukweze zipeso mwanjira yanji, mzere sutuluka.

Tengani lichero la kukhitchini, limene anzathu Achishona kuno amati rusero, muliyang'ane padzuwa. Agogo anga aamuna, amene adachokera ku Nsanje kudzagwira ntchito muno mzindawu ukutchedwa Salisbury, ankaluka malichero Loweruka masana kuseri kwa nyumba, ndipo ine ntchito yanga inali yowapatsira nsungwi zoseta. Nsungwi imodzi inkadutsa pamwamba pa ziwiri, pansi pa ziwiri, mpaka kumapeto. Yotsatira inkachita chimodzimodzi, koma imayamba itasuntha ndi nsungwi imodzi. Yachitatu isunthenso ndi imodzi. Kusuntha kumeneko n'kumene kumajambula masitepe otsetsereka amene mukuwaona pa lichero, ndipo ameneyo ndiye twill. Pa jinzi ndi nkhani yomweyo, kungoti ulusi wabuluu wa m'litali umadutsa pamwamba pa zingwe zitatu zoyera, pansi pa chimodzi. N'chifukwa chake jinzi kunja ndi yabuluu koma mukaitembenuza mkati ndi yotuwa. Kabudula wa khaki wa ana a sukulu ndi ovololo ya abambo a ku mafakitale a ku Workington nazonso ndi twill. Yang'anitsitsani, muona timizere topendekeka.

Tsono kuti masitepewo atheke, ulusi wa m'litali uyenera kugawika m'magulu osachepera atatu, gulu lililonse lotha kukwera palokha. Chipeso chimodzi chimakupatsani magulu awiri: zingwe za m'mabowo, zimene zimakwera ndi kutsika ndi chipeso, ndi zingwe za m'ming'alu, zimene zimangokhala phee pakati. Anthu ambiri amaiwala kuti za m'ming'aluzi nazonso ndi gulu. Sizikwera zokha, koma zinzake zikatsika, izo zimatsala pamwamba, ndipo kwa shuttle kumeneko n'kukwera. Ndiye werengani motere: zipeso ziwiri ndi magulu atatu, zipeso zitatu ndi magulu anayi. Gulu lomaliza ndi laulere, lija lodutsa m'ming'alu ya zipeso zonse.

Inu magulu atatuwo muli nawo kale, koma ndondomeko yake ndi imene ikukaniza. Pa zingwe zinayi zilizonse muli ndi cha mng'alu, cha bowo lakutsogolo, cha mng'alu, cha bowo lakumbuyo. Theka la ulusi wonse lili m'gulu limodzi. Mukakweza zipeso zonse kenako n'kuzitsitsa zonse, ndi nsalu wamba. Mukakweza chimodzi chokha, chingwe chimodzi pa zinayi ndicho chikukwera, ulusi wopingasa n'kudumpha zitatu, koma mzere wotsatira ulibe posunthira ndi chingwe chimodzi. Kudumphadumpha mukunenako n'kumeneko.

Ndiyambe ndi twill wa magulu atatu, chifukwa ndi amene amaphunzitsa maso. Ndikamati chipeso chakutsogolo ndikunena cha kufupi ndi mimba yanu, chakumbuyo ndi cha kumtanda wokulungapo ulusi. Ndanena dala, chifukwa opanga zowombera sagwirizana pa chimene amachitcha choyamba, ndipo anthu ambiri asokonezeka ndi manambala amenewa.

Yambani ndi chakumbuyo chokha. Pokoka ulusi kupita ku chikhomo choyezera kutalika kwake, mumakoka wopindidwa pawiri, monga mwa masiku onse. Mng'alu woyamba kokeranimo kawiri kuti mukhale zingwe zinayi, wachiwiri kamodzi kuti mukhale ziwiri, wachitatu zinayi, wachinayi ziwiri, mpaka m'lifupi mwakwana. Kulungani ulusi kumtanda, dulani kumapetoko. Tsopano pa mng'alu uliwonse wa zinayi, chingwe chakumanzere chilowe m'bowo lakumanzere, chakumanja m'bowo lakumanja. Mukamaliza mupeza kuti mng'alu uliwonse uli ndi ziwiri, bowo lililonse chimodzi, ndipo palibe chingwe chopingasa chinzake.

Ikani chipeso chakutsogolo, mabowo ake ayang'anizane ndi mabowo akumbuyo. Apa ndi pofunika kudekha. Pa zingwe ziwiri za mng'alu wakumbuyo, chakumanzere chipite molunjika mu mng'alu wakutsogolo woyang'anizana nawo. Chakumanja chilowe m'bowo lakutsogolo la kumanja kwake. Chingwe cha m'bowo lakumbuyo chilowe mu mng'alu wakutsogolo wa kumanja kwa bowolo. Basi. Bwerezani zomwezo mpaka kumapeto, osasintha mbali ngakhale kamodzi. Chingwe cha bowo lakumbuyo chikalowa kumanzere m'malo mwa kumanja, pamenepo mzere uthyoka, ndipo chilemacho chiyenda nanu kuyambira poyambira nsalu mpaka pothera.

Kuwomba kwake ndi kwa mawu atatu. Chakutsogolo m'mwamba, ponyani. Chakumbuyo m'mwamba, ponyani. Zonse ziwiri pansi, ponyani. Chipeso chimene sichikugwira ntchito chizikhala pamalo ake opumira pakati. Mukaponya kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kanayi mzere uyamba kuonekera ukukwera chakumbali. Pamwamba padzachuluka ulusi wopingasa, kunsi ulusi wa m'litali, choncho mukagwiritsa ntchito mitundu iwiri, sikafu yanu idzakhala ya nkhope ziwiri. Mukafuna kuti ulusi wa m'litali ndiwo uonekere pamwamba, tembenuzani: zonse m'mwamba, chakutsogolo pansi, chakumbuyo pansi. Dziwiranitu kuti pa kalowetsedwe aka nsalu wamba yeniyeni siitheka, chifukwa atatu sagawika pawiri. Mpendero wake mudzawomba ndi twill yemweyo.

Koma ulusi umene uli pa chowombera panopa musaudule. Ungathe kukupatsani twill wa magulu anayi, wa ziwiri pamwamba ziwiri pansi, uja wa lichero la agogo, popanda kugula kanthu. Chofunika n'kugawa pawiri gulu lalikulu la m'ming'alu lija. Tsitsani zipeso zonse ziwiri, mupite kuseri kwa chakumbuyo. Muona zingwe za m'ming'alu zatsala pamwamba, ziwiri pa mng'alu uliwonse. Tengani kathabwa kafulati kosalala, kotalika kuposa m'lifupi mwa ulusi, mutole chakumanzere pa ziwiri zilizonse, chakumanja muchisiye pansi. Nthawi zina ziwirizo zimapotana kuseriko, ndiye mukakayika kokani chingwecho pang'ono muone pamene chikugwedezeka pa nsalu. Chofunika ndi chimene chili kumanzere kwa chingwe cha bowo lakutsogolo. Kankhirani kathabwako kumtanda.

Zakumanja zija zimafuna njira ina, chifukwa timathabwa tiwiri timatsekerezana. Dulani tizingwe tolimba ta thonje, mumange chilichonse mozungulira chipeso chopuma kapena buku kuti zonse zikhale zofanana kutalika. Kachingwe kalikonse kakoleni pansi pa chingwe chimodzi chakumanja, nsonga zake ziwiri muzikoloweke pa kamtengo kobulungira. Mpini wa tsache wocheka umakwana. Matani tepi pamwamba pa kamtengoko kuti tizingwe tisapulumuke, chifukwa tsiku limene kadzagwe pansi mudzalira. Kamtengoka kakhale pakati pa chipeso chakumbuyo ndi kathabwa kaja.

Mawu ake tsopano ndi anayi. Chakutsogolo m'mwamba ndi kathabwa mutakakokera pafupi ndi chipeso kali chogona. Chakutsogolo m'mwamba ndi kamtengo mutakanyamula, kathabwa kali kumbuyo. Chakumbuyo m'mwamba ndi kamtengo. Chakumbuyo m'mwamba ndi kathabwa. Ine ndimangoimba chamumtima: thabwa, mtengo, mtengo, thabwa, uku zipeso zikuti tsogolo, tsogolo, mbuyo, mbuyo. Njirayi ndi yochedwa, ndisakunamizeni, ndipo mpata wodutsa shuttle umakhala waung'ono. Koma kwa munthu amene akufuna kuona ngati twill amukomera asanatumize uthenga ku Leeds, palibe ina yoposa.

Ndipo muli ndi mwayi umodzi umene simukuudziwa. Mwati nsalu ikutuluka yothinana. Kwa twill imeneyo ndi nkhani yabwino, chifukwa twill amafuna zingwe zoyandikana kuposa nsalu wamba. Mu nsalu wamba ulusi wopingasa umalowa ndi kutuluka pa chingwe chilichonse, ndiye umafuna malo. Mu twill umalowa pakadutsa ziwiri, malo otsalawo ayenera kudzazidwa ndi zingwe zina, apo ayi nsalu imakhala yawedewede, chala n'kumalowa.

Pamenepa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ndaona anthu ambiri akutaya ulusi. Nambala ya 10 dpi ikutanthauza ming'alu ndi mabowo 10 pa inchi, kapena 40 pa masentimita 10, ndiye kuti mabowo 20 ndi ming'alu 20. Ndi chipeso chimodzi muli ndi zingwe 4 pa sentimita. Ndi twill wa magulu atatu zimakhala 6 pa sentimita. Ndi magulu anayi, kaya ndi kathabwa kaya ndi zipeso zitatu, zimakhala 8. Chipeso chomwecho, koma ulusi wofunika ndi wosiyana kotheratu. Musakhulupirire dzina la pa pepala la ulusi, pakuti ulusi wotchedwa 4 ply wa kampani iyi salingana ndi wa kampani ina, ndipo wogula pa msika nthawi zambiri alibe ndi pepala lomwe. Tengani rula, mukulunge ulusi mozungulira, zingwe zigundane koma osazipanikiza, muwerenge kuti zakwana zingati pa masentimita awiri, mugawe pawiri. Nsalu wamba imafuna theka la nambalayo. Twill wa magulu atatu amafuna magawo atatu mwa asanu. Wa magulu anayi, magawo awiri mwa atatu. Kunena mwachidule, pa zipeso zanu za 10 dpi mufuna ulusi wozungulira ka 10 pa sentimita kuti muwombe wa magulu atatu, ndi wozungulira ka 12 kuti muwombe wa anayi. Ulusi wanu wa madoilo uyenera kuti uli chakumeneko kwa 12, n'chifukwa chake ndikuti musaudule. Pa magulu atatu ungachepe, mudzafune wonenepako.

Ine phunziro limeneli ndidalilipira. Chaka china chisanu cha Juni chili pafupi ndidagula majuzi atatu a kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo, ndidawamasula, n'kupeza ulusi wokongola wonenepako, uja amati double knitting, wofiirira ndi wotuwa. Ndidauviika m'madzi, kuupachika ndi botolo kunsi kuti mapiringu awongoke, zonse mwadongosolo. Kenako ndidaulowetsa m'zipeso za 10 dpi, zingwe zitatu pa mng'alu ndi bowo lililonse, tsiku lonse lathunthu. Nditakweza zipeso, mpata sudatseguke. Ubweya wa zingwezo udagwirana ngati chitedze pa bulangete, ndipo mzere uliwonse ndinkachita kulekanitsa ndi zala. Nditawomba masentimita 20 chinthucho chinkatha kuima chokha pa tebulo. Chidathera pakhomo, chopondapo. Ulusi ngati umenewo umazungulira rula kasanu kokha pa sentimita, ndipo malo ake ndi zipeso za 5 dpi. Wa 4 ply nthawi zambiri umagwirizana ndi ziwiri za 7.5 dpi pa magulu atatu. Ulusi wa m'majuzi ngwabwino, koma uzikhala wopingasa. Wa m'litali uzikhala wosalala, wopotedwa bwino, woti mukaukoka ndi manja awiri sukuduka msanga, chifukwa m'ming'alu ya zipeso ziwiri kapena zitatu umakhulika kwambiri.

Tsono za chipeso chachitatu. Chiyenera kukhala cha nambala yofanana ndi zinzake, 10 dpi, ndi cha kampani yomweyo, chifukwa zipeso za Ashford ya ku New Zealand, Schacht ya ku America ndi Kromski ya ku Poland sizilowana m'malo. Kulowetsa kwake kumatsata nzeru yomwe ija. Chakumbuyo: zingwe zinayi mu mng'alu uliwonse, kulungani, kenako chakumanja pa zinayizo chilowe m'bowo lakumanja. Chapakati: pa zitatu zotsala mu mng'alu wakumbuyo, ziwiri zakumanzere zipite molunjika mu mng'alu, chakumanja m'bowo, ndipo cha bowo lakumbuyo chipite mu mng'alu wakumanja. Chakutsogolo chimodzimodzi: pa zitatu za mng'alu wapakati, ziwiri molunjika, chakumanja m'bowo, cha bowo lapakati mu mng'alu wakumanja. Lamulo losaphwanyika ndi lakuti chingwe chimodzi chisalowe m'mabowo awiri. Chikatero, zipeso ziwirizo zimamangirirana ndipo chingwecho chimaduka. Koyamba, yesani ndi mitundu inayi ya ulusi pa m'lifupi mwa masentimita 8 okha, gulu lililonse mtundu wake. Cholakwa chimadziulula chokha, chifukwa bowo lililonse la chipeso chimodzi liyenera kukhala ndi mtundu umodzi. Ndipo ntchitoyi igwireni m'mawa pakhonde. Kulowetsa ulusi wakuda ndi tochi ya foni magetsi atathima ndiko kudziputira.

Kuwomba kwake n'kokoma kuposa kwa kathabwa. Chakutsogolo ndi chapakati m'mwamba. Chapakati ndi chakumbuyo m'mwamba. Chakutsogolo ndi chapakati pansi. Chapakati ndi chakumbuyo pansi. Onani kuti chapakati sichipuma, chimangosintha bwenzi. Nsalu wamba ya mpendero imatheka: chakutsogolo ndi chakumbuyo m'mwamba, kenako zomwezo pansi. Ngakhale kawombedwe ka jinzi kalipo: zonse zitatu m'mwamba, kenako chakutsogolo pansi, chapakati pansi, chakumbuyo pansi, chimodzichimodzi.

Vuto ndi pokhazika. Zogwirira za chowombera chanu zili ndi malo a zipeso ziwiri. Chachitatu chikamatsika palibe nkhani, chimangolendewera pa ulusi, koma chikamakwera chimafuna potsamira. Ena amachimangirira ku chapakati ndi mphira pa mzere umenewo, zimene zimatopetsa. Ine ndidanyamula chogwirira chimodzi kupita nacho kwa akalipentala a ku Glen View Area 8, adandichekera timatabwa tiwiri ta msinkhu womwewo, ndipo ndimangotiimika m'mbali kuti chipeso chitsamirepo. Kumbukiraninso kuti zipeso zitatu zimadya malo. Muzipititsa nsalu patsogolo pafupipafupi, pakangowombedwa masentimita anayi kapena asanu, ndipo ulusi ukungike kuposa mmene mudazolowerera. Mpata ukakhala wosayera, lowetsani kathabwa kutsogolo kwa zipeso, mukaimike cham'mbali, shuttle idutse bwino. M'mwezi wa Okutobala, mpweya utauma gwa, ulusi wa acrylic umamatirana wokha, ndipo kuwaza timadzi pang'ono kuseri kwa zipeso kumathandiza.

Simunafunse za m'mphepete, koma mudzafunsa sabata yamawa, ndiye ndiyankhiretu. Mu twill chingwe chakumapeto nthawi zina chimakhala pamwamba kapena pansi mizere iwiri yotsatizana, ulusi wopingasa n'kubwerera osachikola. Chimatsala chikulendewera m'mbali ngati mchira. Pa twill wa ziwiri ziwiri wosatembenuka, kawirikawiri kungoyambira shuttle mbali inayo kumathetsa nkhani. Pa wa magulu atatu, kapena mukayamba kutembenuza mizere, onjezani chingwe chimodzi mbali iliyonse, chodutsa m'ming'alu yokhayokha, ndipo musachiwerengere m'gulu lililonse. Shuttle izilowa pamwamba pa chingwe chimenechi n'kutulukira pansi pa cha mbali inayo, nthawi zonse, posayang'ana kuti zipeso zili pati. Poyamba mudzachita kuchikweza ndi chala, pakapita masiku dzanja lidzadziwa lokha. Ngati mwaiwala kuchiika, chikolowekeni pambuyo pake, chilendewere kuseri ndi kabotolo ka mchenga.

Kugogoda nakonso. Twill amalola ulusi wopingasa kutsetsereka n'kupanikizana, choncho dzanja lozolowera nsalu wamba limagogoda mopyola. Gogodani ndi chipeso chakutsogolo chokha, ndipo kusakhale kumenya, kukhale kukankhira ulusi pamalo pake. Mlingo wake ndi uwu: mizere yopingasa pa sentimita ifanane ndi zingwe za m'litali pa sentimita. Pindani kapepala ka makona anayi ofanana kuchokera ngodya kufika ngodya, mukaike pa nsalu. Mzere wa twill uzitsata m'mphepete mwa kapepalako, madigiri 45. Ukagona, mukugogoda kwambiri. Ukaimirira, mukunyengerera. Yesani ulusi mutaumasulako pang'ono, chifukwa uli chikungire nsalu imaoneka yotalika kuposa mmene ilili. Komanso twill amakoka m'mbali kuposa nsalu wamba, ndiye ulusi wopingasa muziusiya chopendekeka mu mpata musanagogode, osaukoka kuti uwongoke.

Za maluwa ake, pali aulere ndi olipira. Aulere ndi amene amabwera posintha ndondomeko yokwezera zipeso. Mukawomba mizere 12 chopita kenako n'kubwerera chambuyo, mzere umakhota, nsalu n'kukhala ya mizere yokhotakhota m'litali mwake. Mukasinthanitsa mzere wachitatu ndi wachinayi pa magulu anayi, mzere umasweka n'kukhala timadontho tosalozera mbali, tabwino pa matawulo a mbale. Olipira ndi amene amafuna kulowetsa ulusi mwatsopano. Madayamondi amafuna kuti ndondomeko ya zingwe izibwerera, 1, 2, 3, 4, 3, 2, ndipo apa rigid heddle imayamba kuvuta, chifukwa magulu awiri akugwira ntchito kawiri kuposa anzawo, mabowo ena amatsala opanda kanthu ndipo ming'alu ina imadzaza. Zimatheka, koma muyambe mwajambula pa pepala la mabokosi, ndipo isakhale nsalu yanu yachiwiri. Amene ndimakonda ine ndi wa minga ya nsomba, amene Angerezi amati herringbone: 1, 2, 3, 4 kangapo, kenako 2, 1, 4, 3 kangapo. Gulu lililonse likugwira ntchito mofanana, kuchuluka kwa zingwe sikusintha, ndipo pokumana mizere pamakhala podukiza bwino ngati msana wa chambo.

Kuti muone kuchuluka kwa ulusi, nayi sikafu ya magulu atatu pa zipeso zanu. M'lifupi masentimita 25 pa chipeso, zingwe 6 pa sentimita, ndiye zingwe 150, kuonjezapo ziwiri za m'mphepete. Mukafuna kuti ithere pa masentimita 180, wombani 200, ndipo muonjeze 60 otayika kumitanda, pakuti zipeso ziwiri zimasiya wosawombeka wambiri kuposa chimodzi. Chingwe chilichonse ndi mamita 2.6, zonse pamodzi pafupifupi mamita 400. Wopingasa ndi mizere 1,200 ya masentimita 27 kapena 28, pafupifupi mamita 330. Gulani wonse tsiku limodzi, chifukwa mtundu umene mwaupeza m'tauni lero mwezi wamawa mudzapeza wofanana dzina lokha.

Nsalu ikachoka pa chowombera musaiweruze. Idzaoneka ya timipata m'litali, zingwe zitaunjikana ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu monga zidakhalira m'ming'alu. Mangani nsonga, muiviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono, muifinyefinye, muitsukuluze, muiyanike pamthunzi, ndipo ya thonje muisite ikadali yachinyezi. Zingwe zimasendera m'malo mwake, timipata timatsekeka, ndipo m'lifupi mumabwerera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Sikafu ya masentimita 25 ija muiyembekeze pa 22 kapena 23.

Mugule kapena musagule? Ngati mukuwombera ana ndi adzukulu, masikafu awiri atatu pa chaka, zipeso ziwiri ndi mpini wa tsache zikukwanirani zaka zambiri. Ngati mwawomba nsalu ziwiri za kathabwa ndi kamtengo ndipo mtima ukufunabe, chipeso chachitatu n'chopepuka, chimalowa m'sutikesi ya munthu wobwera pa Khirisimasi, ndipo chidzakupepuzirani ntchito. Koma ngati maganizo ali pa malonda, masholo khumi chisanu chisanafike, pamenepo ndinganene mosabisa kuti sungani ndalama ya chowombera cha mashafuti anayi, mafelemu okweza gulu lililonse la ulusi palokha. Pa chimenecho chingwe chilichonse chili ndi diso lakelake, madayamondi salimbana ndi ming'alu, ndipo mpata umatseguka ndi chala chimodzi. Rigid heddle mudzaisungire nsalu wamba, imene imawomba mofulumira kuposa china chilichonse.

Pakadali pano tsitsani zipeso zonse ziwiri, mupite kuseri, muwerenge ngati mng'alu uliwonse ukuonetsa zingwe ziwiri pamwamba. Mukapeza wina uli ndi chimodzi kapena zitatu, konzani pamenepo musanadule tizingwe ta kamtengo.